WAMUYAYA AMENE ADATULA YEKHA MPANDO

Abale anga a m'misika ya m'tauni, inu amene mumalawira tambala asadalire kukaoda tomato, usipa ndi mabelo a kaunjika, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya bambo wina wa ku Netherlands, a Guido van Rossum. Musathamangire kukulungira chipisi pepala lino poganiza kuti izi n'za anthu a mataye. Ntchito ya bambowa n'kupanga chilankhulo cha kompyuta, koma milandu imene adakumana nayo pa ntchitoyo ndi yomwe ija imakusowetsani tulo inu: katundu wabwino wosayenda malonda, kusintha kwa muyezo, ndi mpando wa tcheyamani.

Ine ndidakulira pa benchi ya mayi anga, ndipo ndidadziwa kubweza chenji ndisadadziwe kulemba dzina langa. Fizi yanga yonse idachokera m'milu ya tomato. Lero ndimadyera ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo chilankhulo chimene ndimalembera tsiku ndi tsiku chimatchedwa Python. Adachipanga ndi a Van Rossum amenewa. Tsono ndikamakamba za iwo, ndikukamba za mmisiri amene adasula khasu limene ndikulimira.

Poyamba timvane kaye kuti chilankhulo cha kompyuta n'chiyani. Kompyuta, kaya ndi ya mu ofesi kaya ndi foni ili m'thumba mwanuyo, siimva Chichewa, siimva Chingerezi. Imangodziwa zinthu ziwiri basi: magetsi adutsa, magetsi sadadutse, ndiye kuti 1 ndi 0. Kuti munthu ayiuze m'chinenero chakecho kuti chotsa K2,000 kwa uyu uyike kwa uyo, angalembe mizere ya ma 1 ndi ma 0 mpaka maso kuchita chidima. Ndiye akatswiri adapanga zilankhulo za pakati. Munthu amalemba malangizo m'mawu amene iye angathe kuwawerenga, kenaka pulogalamu ina, imene ntchito yake ili ngati ya womasulira m'khoti, imatembenuzira malangizowo ku zimene makina amamva. Wopanga chilankhulo ndiye amasankha mawuwo, amaika malamulo a kasanjidwe kake, n'kupanganso womasulira uja. Mukatumiza ndalama pa foni, kuseri kwake kuli malangizo olembedwa m'zilankhulo zoterezi.

A Van Rossum adabadwa pa 31 Januwale 1956. Adali mnyamata wa masamu, moti m'chaka cha 1974 adapata mendulo pa mpikisano wa masamu wa ana a sukulu a m'maiko osiyanasiyana. Adamaliza maphunziro a masamu ndi makompyuta pa yunivesite ya Amsterdam mu 1982, n'kuyamba ntchito ku CWI, malo a kafukufuku a mumzinda womwewo. Kumeneko adalowa m'gulu la a Lambert Meertens, a Leo Geurts ndi a Steven Pemberton, limene linkapanga chilankhulo chotchedwa ABC.

Cholinga cha ABC chidali chabwino kwabasi. Ankafuna chilankhulo choti munthu wanzeru zake koma wosaphunzira za makompyuta athe kuchigwiritsa ntchito. Chidatuluka chooneka bwino, chosavuta kuwerenga. Koma malonda ake sadayende. Eni ake adachimanga ngati golosale yokongola yopanda khomo la kuseri: munthu wakunja sakadatha kuwonjezeramo zake mosavuta, ndipo kuchilumikiza ndi mapulogalamu ena kudali kovuta. Adasinthanso mayina a zinthu amene akatswiri adali atawazolowera kale, akatswiriwo n'kuchinyoza. Komanso nthawi imeneyo intaneti idali isadafale, kotero kufikitsa chilankhulocho kwa anthu kudali ntchito yaikulu. Inu mukudziwa bwino kuwawa kwake koti waoda katundu wabwino, wamuyala bwino, koma dzuwa mpaka kulowa makasitomala akungodutsa. A Van Rossum adathera zaka zingapo pa katundu wotere.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mpamba wa nzeru sadautaye. Atasamukira ku ntchito ina ya pa CWI pomwepo, yokhudza dongosolo la makompyuta lotchedwa Amoeba, adaona kuti kulemba timapulogalamu ting'onoting'ono m'chilankhulo cha C kunkadya nthawi yambiri. Mu Disembala 1989, ofesi itatsekedwa kaamba ka Khirisimasi, adakhala kunyumba n'kuyamba kupanga chilankhulo chawochawo. Adatola zabwino za ABC, n'kusiya zimene zidaipha. Khomo la kuseri lija adalitsegula: aliyense akadatha kulemba chigawo chake n'kuchilumikiza. Dzina loti Python m'Chingerezi ndi nsato, koma iwo sadalitenge ku njoka ayi. Adalitenga ku sewero la nthabwala la pa wailesi ya kanema ya BBC lotchedwa Monty Python's Flying Circus, limene ankalikonda.

Mu Febuluwale 1991 adachitulutsa kuti aliyense atenge ulere, pamodzi ndi malangizo onse a mkati mwake, kuti wofuna kuona mmene chimagwirira ntchito aone, wofuna kukonza akonze. Apa ndikudziwa kuti wina wa inu wagwira kale pakamwa. Katundu yense kumusandutsa basela? Nanga phindu lili pati? Funso limeneli mayi anga adandifunsanso nditawafotokozera, ndipo sadakhutire msanga.

Yankho lake ndi ili. Chilankhulo sichili ngati thumba la mpunga loti ukapatsa mnzako iwe watsala manja. Chimakula mtengo pamene ochilankhula akuchuluka. Chichewa chomwechi chikadakhala cholipiritsa, msika bwenzi uli zii. Anthu atayamba kutenga Python ulere, ena adapeza zolakwika n'kuzikonza, ena adalemba zigawo zatsopano za masamu, za intaneti, za zithunzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo mwini wake sadagone ndi njala, poti makampani amene ankadalira chilankhulocho ankafuna mmisiri wake akhale pakhomo pawo. Mu 1995 adasamukira ku America kukagwira ntchito ku CNRI, mumzinda wa Reston, m'chigawo cha Virginia. Kuyambira 2005 mpaka 2012 adali ku Google, kumene adaloledwa kuthera theka la nthawi yawo ya ntchito pa Python. Kuyambira 2013 mpaka 2019 adali ku Dropbox. Adapuma, koma kukhala chabe kudawatopetsa, ndipo mu Novembala 2020 adalowa ntchito ku Microsoft. Sadakhale mpondamatiki wa mtundu wa Bill Gates, koma khasu lawo lafika kutali. Instagram imene ana anu amaikapo zithunzi za katundu idamangidwa kwambiri ndi Python, ndipo ntchito yambiri ya makompyuta ophunzira okha, amene akutchuka masiku ano, imalembedwa m'chilankhulo chomwechi.

Anthu amaganiza kuti wopanga chilankhulo amakhalira kuwonjezera zinthu. Mmene ndaonera ine, theka la ntchitoyo n'kukana. Tsiku lililonse kumabwera wina ndi ganizo lake: tiikemo ichi, tiikemo icho. Ukavomera zonse, chilankhulo chimasanduka benchi yoti pali nsomba, sopo, malasha ndi mandasi pamodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Kuyambira m'chaka cha 2000, aliyense wofuna kusintha chinthu chachikulu mu Python amayenera kulemba chikalata chotchedwa PEP, kufotokoza chimene akufuna, chifukwa chake, ndi zimene otsutsa anena. Anthu amakambirana poyera, ndipo kwa zaka zambiri mawu omaliza ankakhala a Van Rossum.

Lamulo lina limene adaumirira, lochokera ku ABC kuja, ndi la kasanjidwe ka mizere. M'zilankhulo zina munthu atha kulemba mothithikana, makina n'kumva ndithu. Mu Python, malangizo amene ali pansi pa lamulo limodzi amayenera kulowa mkati mofanana, apo ayi pulogalamu ikana kuyenda. Ambiri adadandaula kuti uku n'kulowerera. Koma mfundo yawo idali yoti pulogalamu imalembedwa kamodzi, kuwerengedwa kambirimbiri. Ine izi ndimazimvetsa chifukwa cha kope la ngongole la mayi anga. Iwo ankalemba dzina kumanzere, katundu pakati, ndalama kumanja, tsamba lililonse chimodzimodzi. Atagonekedwa m'chipatala milungu itatu, ine ndi mlongo wanga tidatolera ngongole zonse popanda kukangana ndi kasitomala ngakhale mmodzi. Mayi a benchi yoyandikana nayo ankalemba paliponse pamene bolopeni yagwera, ndipo atamwalira ndalama zawo zambiri zidapita nawo kumanda.

Tsopano tifike pa nkhani ya muyezo. Pofika zaka za m'ma 2000, a Van Rossum adaona kuti m'chilankhulo chawo mudali zilema zimene adabadwa nazo. Ndikupatseni ziwiri. Mu Python 2, ukagawa 5 ndi 2 yankho linkabwera 2, theka lija n'kutayika. Tangoganizani pulogalamu yogawa ndalama za banki mkhonde ikumeza zotsalira mwakachetechete! Chachiwiri, chilankhulocho chinkasokoneza malemba ndi manambala a mkati mwa makina, moti zilembo zosapezeka m'Chingerezi zinkavutitsa. Ife tili nacho chilembo chotere, ŵ wa kadenga uja wa m'dzina la dziko lathu, Malaŵi. Kangapo konse ndidaona pulogalamu ikuima chifukwa cha dzina la munthu lokhala ndi chilembo chimenechi.

Mu Disembala 2008 adatulutsa Python 3, imene idakonza zilema zimenezi. Kugawa 5 ndi 2 kudayamba kupereka 2.5, ndipo zilembo za zinenero zonse zidalandiridwa bwino. Koma mtengo wake udali wowawa: mapulogalamu ambiri olembedwa m'kalembedwe kakale sakadayendanso osakonzedwa. Ngakhale lamulo losavuta louza makina kuti alembe mawu lidasintha. Kale tinkalemba print "Moni", tsopano lidakhala print("Moni"). Zili ngati akuluakulu a msika alengeze kuti kuyambira mawa chigoba ndi mbale zathetsedwa, aliyense agulitse pa sikelo. Sikelo ndi yachilungamo, inde. Koma sikeloyo ugule ndi ndalama zako, mitengo uyiwerengenso, makasitomala uwaphunzitsenso.

Anthu adakana. Makampani okhala ndi mizere miyandamiyanda ya malangizo adati ife sitisuntha. Olemba zigawo ankadikira ogwiritsa ntchito, ogwiritsa ntchito ankadikira olemba zigawo. Python 2 idayenera kutsekedwa mu 2015, koma adaonjezera zaka zisanu, mpaka pa 1 Januwale 2020. Zaka zoposa khumi msika umodzi ukuyenda ndi miyezo iwiri! Ine ndidali ndi timapulogalamu tanga, kuphatikizapo kena kowerengera masheya ndi chiwongoladzanja cha gulu lina la amayi a geni. Kutisamutsa kudandidyera mausiku ambiri amene palibe adandilipira, ndipo m'mausiku amenewo dzina la a Van Rossum sindinkalitchula mwaulemu. Lero pulogalamu ija imalemba mayina a amayiwo molondola ndipo simeza tambala. Komabe phunziro lidatsala kwa onse opanga zilankhulo: wosintha muyezo aziyamba wawerenga anthu amene adzasenze mtolo wake. Walira mvula walira matope.

Nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi ndi ya mpando. Cha m'ma 1995 anzawo adawapatsa a Van Rossum dzina lanthabwala la Chingerezi loti Benevolent Dictator for Life, kutanthauza wolamula yekha, wachifundo, wamuyaya. Kwa azungu aja zidali zoseketsa. Kwa ife mawu oti wamuyaya sitiseka nawo, poti tidakhala nawo kuyambira 1971 mpaka tidakaponya voti pa 14 Juni 1993 ndi pa 17 Meyi 1994. Kunena zoona zinthu ziwirizi n'zosiyana kutalitali. Wamuyaya wa Python adalibe ndende, adalibe apolisi. Ndipo popeza malangizo onse a chilankhulocho ali poyera, aliyense wosakhutira adali ndi ufulu wotenga kope lake n'kukayamba chake kwina. Anthu ankawamvera chifukwa nthawi zambiri maganizo awo ankakhala olondola. Komabe mpando ndi mpando, ndipo adaukhala zaka zoposa makumi awiri.

Mu 2018 kudabuka mkangano pa chikalata nambala 572. Nkhani yake idali kachizindikiro kakang'ono aka := kamene kamalola munthu kupatsa chinthu dzina n'kuchigwiritsa ntchito pa mzere womwewo, ngati kuyeza nyemba uku ukulemba kulemera kwake nthawi imodzi. Ena adati kafupikitsa ntchito, ena adati kaononga kuwerengeka kwa chilankhulo. A Van Rossum adakavomereza. Zimene zidatsatira ndi mawu oŵaŵa ochokera mbali zonse, ena kuchokera kwa anthu amene iwo ankagwira nawo ntchito. Pa 12 Julayi 2018 adalembera anzawo kalata yoti atopa, sakufunanso kumenyera chikalata motero n'kupeza kuti anthu ambiri akunyansidwa ndi chigamulo chawo, ndipo akutula pansi udindo.

Chimene chidandigwira mtima n'chakuti sadasankhe wolowa m'malo. Sadaloze mphwawo, sadaloze mnzawo wa pamtima. Adangowafunsa anzawowo kuti tsono muchita bwanji, mupanga demokalase, chisokonezo, ulamuliro wa munthu mmodzi, kapena chitaganya? N'kuwasiyira mpirawo. Akatswiri amene amasamala chilankhulocho adakambirana miyezi ingapo, ndipo mu Disembala 2018 adavotera dongosolo la komiti ya anthu asanu yosankhidwa. Komiti yoyamba idasankhidwa kumayambiriro kwa 2019: a Barry Warsaw, a Brett Cannon, mayi Carol Willing, a Nick Coghlan, ndi a Van Rossum eni ake, tsopano ngati membala wamba wa voti imodzi. Pa chisankho chotsatira adachotsa dzina lawo. Adapitiriza kulemba malangizo ngati mmisiri pakati pa amisiri anzawo, ganizo lawo likumatha kukanidwa ndi komiti. Kachizindikiro kadautsa mapiri pachigwa kaja kadalowa ndithu mu Python 3.8 mu Okutobala 2019, ndipo chilankhulo sichidafe. Chidapitirira kukula.

Pa msika umene mayi anga ankagulitsa padali tcheyamani wina amene dzina lake ndilisunga. Poyamba adali munthu wabwino zedi. Ndiye adamenyera kuti pakhale mpopi, ndiye ankathamanga pakagwa maliro, ndiye ankakalankhula kwa akuluakulu katundu wa anthu akalandidwa. Chifukwa cha zabwinozo palibe adafunsa za chisankho. Zaka zidapita. Kope la ndalama za maliro lidayamba kugona kunyumba kwake. Mabenchi a pakhomo, pamene pamadutsa anthu, adayamba kugwera achibale. Wofunsa ankauzidwa kuti ndiwe mwana, msika uno tidauyamba ndife. Tsiku limene adadwala mwakayakaya, padalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti m'thumba muli zingati, kaya ndani adalipira malo ati. Anthu amene adakhala moyandikana zaka makumi awiri adagwirana pakhosi. Kusiyana kwake ndi Python n'koti wa pa msika sangatenge kope la benchi yake n'kukayamba msika wina. Malo ndi omwewo, makasitomala ndi omwewo. Ndiye chifukwa chake mpando wa pa msika ufunika malamulo olembedwa kuposa wa chilankhulo cha kompyuta.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali inanso, ndipo iyi ikukhudza ife olamulidwa. A Van Rossum sadachoke chifukwa choba kapena kuluza chisankho. Adachoka chifukwa cha malilime. Munthu wapereka zaka pafupifupi makumi atatu ku chinthu chimene anthu akutenga ulere, malipiro ake n'kukhala kunyozedwa kaamba ka timadontho tiwiri ndi timizere tiwiri. Kutsutsa n'kofunika, ndipo amene ankakana chizindikirocho adali ndi mfundo zomveka. Koma pali kutsutsa ganizo, pali kunyoza munthu. M'makomiti athu timaona zomwezo: mlembi wachilungamo, msungichuma wosaba, timawatopetsa ndi miseche mpaka amatula, ndipo mpando umatsalira uja wa khungu lolimba amene miseche siimulasa chifukwa ali ndi chimene akudyapo. Tikatero timadabwa kuti anthu abwino adapita kuti.

Mu 1999 a Van Rossum adalemba chikalata chopempha thandizo la ndalama, mutu wake Computer Programming for Everybody, chonena kuti kulemba mapulogalamu kukhale luso la aliyense monga kuwerenga ndi kulemba. Kwathu kuno loto limeneli likadali kutali, poti kompyuta ndi yodula, magetsi amazimazima, ndipo bandulo ya intaneti imadya phindu la tsiku. Koma chilankhulocho pachokha n'chaulere, chilibe chiphaso, chilibe msonkho. Mwana wanu uja amabweza chenji mosaphonya, amene amadziwa pamtima kuti belo ya K150,000 iyenera kutulutsa zingati kuti mpamba ubwerere, ali kale ndi mutu wa ntchito imeneyi. Akakuuzani kuti akufuna kuphunzira Python, musamuthamangitse kuti akufuna kuweta njoka. Mufunseni akuonetseni chimene walemba, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale kope lanu la ngongole.

Kwa inu a komiti, ndi inu amene mumasonkha ya maliro Loweruka lililonse, ndikusiyirani mafunso atatu oti mukafunse pa msonkhano ukubwerawu. Kodi chisankho chomaliza chidachitika chaka chanji? Kodi kope la ndalama angaliwerenge ndani kupatula mwini wake? Nanga tcheyamani atati lero watopa, mawa m'mamawa msika utsegulidwa ndi ndani, potsata lamulo liti? A Python adayankha mafunso amenewa m'miyezi isanu ndi umodzi, mwini mpando akadali moyo ndipo akuwathandiza. Inu musadikire kuti muyankhire pa maliro.